Patulani Malo a Mitengo Mapuloti Asanathe

Makolo athu pomanga mudzi anali kusiya mtengo wa kacere kapena mkuyu pakati pa mudziwo. Pansi pake panali bwalo: mafumu anali kuweruzirapo milandu, ana kusewererapo, alendo kupumulirapo. Lero Katete, Sinda, Petauke, Nyimba ndi Lundazi akukula msanga, koma m'makomboni atsopano malo otere akusowa. Dera lonse lidulidwa mapuloti kufikira kudambo komwe. Ku Chipata, kumene kunakhala mzinda waukulu mu 1917 ai, koma posacedwapa mu 2017, nyumba zakwera kale m'mapiri.

Ife tinena kuti komboni iriyonse yatsopano iyenera kukhala ndi malo a mitengo pamodzi ndi holo ya misonkhano. Tisaganize kuti izi ndi za olemera a ku Lusaka okha. Amai obwera ku sikelo ya ana, alimi odikira feteleza ndi anyamata osowa pocitira masewera ndiwo amene amapsa ndi dzuwa la mu October.

Nchito yoyamba ndiyo kupatula malowo ndi kuwalembetsa. Lamulo la za malo la mu 1995 linena kuti malo a mafumu sangasinthidwe kukhala a taitolo popanda cilolezo ca mfumu ndi khonsolo. Tsono mafumu, anyakwawa ndi makhansala ali nayo mphamvu yokana kuti pamalo a anthu onse padulidwe puloti. Malire aikidwe, alembedwe pa mapu a khonsolo. Lonjezo la pakamwa limaiwalika akabwera munthu wa ndalama.

Caciwiri, mitengo imene iripo kale isagwetsedwe. Ambiri amayamba ndi kulambula thengo lonse, kenaka ndi kugula mbande. Uku ndi kutaya cuma. Msuku, mlombwa ndi bwemba amafuna zaka zambiri kuti akule, ndipo akakhazikika safuna kuthirira. Pamene pali poyera tibzalepo mitengo ya kwathu konkuno m'nyengo ya mvula. Bulugamu asabzalidwe pafupi ndi dambo kapena citsime, pakuti amamwa madzi ambiri.

Cacitatu ndi holo. Mu 2022 Boma linakweza ndalama za citukuko za CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense. Pempho limayambira ku komiti ya citukuko ya wadi, ndipo anthu amene sapita ku misonkhano yake asadandaule ndalama zikapita kwina. Holoyo imangidwe m'mbali mwa malowo, pafupi ndi mseu, ikhale ndi zimbudzi ndi mjigo. Kungakhale kupusa kudula mitengo ya pamalopo kuti tiochere njerwa zomangira holo yomweyo.

Pomaliza, pasankhidwe komiti ya amuna ndi akazi yoyang'anira malowo: kulambula njira zochinga moto udzu usanaume, kuletsa ooca makala ndi kupitikitsa mbuzi pa mbande. Ndalama zobwereketsera holo pa maukwati zilembedwe m'buku ndi kuwerengedwa poyera.

Holo ikhoza kudikira caka ca mawa ngati ndalama zacepa. Malo sangadikire, cifukwa akamangidwapo nyumba sabwereranso. Madzi akatayika saoleka. Anyakwawa ndi makhansala, itanani anthu anu mwezi uno, mukayende nawo pamalopo ndi kuika malire.