Bwalo M'kalasi: Cilango Cokha Sicikonza Mlandu

Tsiku lina ndinapita kukaona wophunzira wathu amene anali kuyesera nchito ya uphunzitsi pa sukulu ina ku Kafue Estates. M'kalasi la Giredi 5 mnyamata anang'amba buku la mtsikana. Mphunzitsiyo anamtuma panja kukalima mpaka belu litalira. Mnyamata anabwerako atakwiya koposa kale. Mtsikana anapita kwao wopanda buku, ndipo palibe amene anamfunsa kanthu. Cilango cinaperekedwa, koma mlandu unatsala pomwepo.

Inu amene mukukonzekera uphunzitsi mudziwe kuti nthawi ya mkwapulo inatha. Mu 1999, pa mlandu wa John Banda, Khoti Lalikulu linagamula kuti cilango ca cikoti cikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Lamulo la Maphunziro la 2011 linaletsa kumenya ana m'masukulu. Lamulo la Ana la 2022 linatsimikiza zomwezo, ndiponso linalola kuti mwana wolakwira lamulo athandizidwe m'njira zina osafika kukhoti. Funso latsala kwa ife: ndodo tataya, nanga m'manja mwathu tigwira ciani?

Yankho langa ndi lakuti tigwire cimene makolo athu anali naco kale, ndico bwalo. Pabwalo la mfumu wodandaula amalankhula, woimbidwa mlandu amayankha, mboni zimamvedwa, ndipo wolakwa amalipira mwini wake wa cinthu, kuti mawa anthu awiriwo athe kupemphana moto. Ngakhale dziko la New Zealand, pokonza lamulo lake la ana mu 1989, linatengera nzeru ku mwambo wa Amaori wosonkhanitsa abale kuti akambirane za mwana wolakwa.

Ana a ku Kafue Estates bwalo lotere ambiri sanalionepo. Nyumba zakumeneko zinamangidwira anchito a m'mafakitale monga Nitrogen Chemicals of Zambia ndi Kafue Textiles, anthu ocokera m'zigawo zonse, Atonga, Abemba, Alozi ndi Acewa, amene anasiya mafumu ao ndi ankhoswe ao kutali. Cinyanja ndico cimene cimalumikiza adzukulu ao. Motero mphunzitsi wa Cinyanja ali ndi udindo wapadera.

Cinenero ceniceni cimatiphunzitsa. Taonani mneni wakuti "yanja". Tikaikapo -an- timapeza "yanjana", nchito ya anthu awiri. Tikaonjezanso -its- timapeza "yanjanitsa", nchito ya munthu wacitatu, mkhalapakati. Cimodzimodzi "khululuka" amabala "khululukira" ndi "khululukirana". Pophunzitsa misintho ya aneni imeneyi mukuphunzitsanso khalidwe.

Mkangano ukabuka, dikirani mitima izizire. Kenaka khazikani anawo mozungulira, inu mukhale nao pamodzi. Wolakwiridwa ayambe kufotokoza cimene cinacitika ndi m'mene camupwetekera. Wolakwa ayankhe popanda womudula mau. Pomaliza funsani kuti, "Kodi tingacite ciani kuti cimene caonongeka cikonzeke?" Mnyamata uja akadamata bukulo, nakopera mnzake zimene zinatayika, napepesa pamaso pa onse. Imeneyi ndi nchito ya kumvetsera ndi kulankhula, imene ili kale m'silabasi yanu.

Ena adzati njirayi njofewa. Ine ndikana. Kulima kwa ola limodzi nkopepuka poyerekeza ndi kuyang'ana munthu amene wamulakwira ndi kubvomera kuti, "Ndine ndinacita." Ena adzati kalasi la ana oculuka silipatsa mpata. Nzoona kuti bwalo limadya nthawi, koma mlandu suola: umene mwaukankhira pambali lero mudzaupeza mawa utasanduka ndeu panjira yopita kunyumba.

Komabe bwalo lili ndi malire ake. Mwana akagwiriridwa kapena kubvulazidwa kwambiri, musayese kuyanjanitsa. Dziwitsani mphunzitsi wamkulu msanga, ndipo nkhaniyo ifike kwa apolisi a Victim Support Unit ndi a zosamalira anthu. Kukakamiza mwana wotere kuti akhululuke ndiko kumlakwira kaciwiri. Ndiponso pa milandu ing'onoing'ono yomwe, kupepesa kokakamiza kulibe phindu.

Mukadzalandira kalasi lanu, musadzifunse cabe kuti wolakwa alangidwe bwanji. Dzifunseninso kuti wolakwiridwa apita kwao ndi ciani.