Chigayo Chimodzi, Matumba Ambiri

Aliyense amene anaimapo pa mzere wa chigayo pa Nsaru kapena kwa Kabudula audziwa mkangano uwu. Mayi wa kalichero kamodzi ka mphale, ana akumdikira ndi njala, wapezeka kumbuyo kwa mkulu wa matumba 10. Ayambe ndani?

Funso lomweli lawasowetsa tulo akatswiri a makompyuta. Mapulogalamu ophunzira kuchokera ku zitsanzo, otchedwa neural network, amagwirira ntchito pa chipangizo cha GPU, chimene mtengo wake ndi madola zikwizikwi. Kupatsa pulogalamu iliyonse chakechake nkuononga, pakuti nthawi zina chimangokhala osagaya kanthu. Tsono angapo amagawana chimodzi: mwina mosinthana nthawi, mwina mochidula zigawo, monga A100 ya kampani ya NVIDIA, yotuluka mu 2020, imene igawika mpaka pa 7.

Ine ndiima ndi mayi wa kalichero. Pulogalamu yoyankha mlimi amene fodya wake wagwidwa matenda idutse msanga. Inzake yophunzira masiku ambiri iime kaye, isunge pamene yafika, ipitirize usiku. Inde, kuimitsaimitsa kumadya nthawi, monga umo wachigayo achedwera posintha sefa. Ndiponso wamatumba asagone pa mzere; akadikira nthawi yaitali, asunthidwe kutsogolo.

Mu 2023 sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Thyolo inatsegula likulu la maphunziro a nzeru zamakinazi. Zipangizo zotere nzodula, ndipo sukulu zathu zidzayenera kubwerekana. Malamulo a mzerewo alembedwe tsopano, wamphamvu asanatule matumba ake pakhomo.