Kugawana uthenga wa zaumoyo: bala la Omicron silidapole

Pa 24 November 2021, dziko la South Africa lidadziwitsa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO za mtundu watsopano wa kachilombo koyambitsa Covid-19, womwe akatswiri a ku Botswana, motsogozedwa ndi Sikhulile Moyo, adautulukiranso masiku omwewo. Zomwe adapeza zokhudza kapangidwe ka kachilomboko adaziika pa GISAID, nkhokwe ya pa intaneti yomwe ofufuza a m'maiko onse amatapamo. Patangotha masiku awiri, WHO idautcha Omicron.

Malipiro ake adali kutsekeredwa zipata. Britain ndi America adaletsa apaulendo ochokera m'maiko angapo a kummwera kwa Africa, Malawi ali m'gulu lomwelo. Lazarus Chakwera, yemwe panthawiyo adali mtsogoleri wa dziko lino komanso wapampando wa SADC, adati ziletsozo zidatsamira pa tsankho, osati sayansi. Pambuyo pake dziko la Netherlands lidapeza Omicron m'zoyeza zomwe lidatenga South Africa isadalengeze n'komwe.

Apa ndiye pagona vuto. Kafukufuku wa miliri sayenda popanda maiko kugawana zomwe apeza msangamsanga, koma amene waulula ndiye amayamba kulangidwa, ndipo katemera akapangidwa amakhala kumapeto kwa mzere. Indonesia idaziona kale izi. Mu 2007 idakanitsitsa kutumiza ku WHO tizilombo ta chimfine cha mbalame ta H5N1, ponena kuti makampani akupangira katemera yemwe anthu ake sangakwanitse kugula. Mkanganowo udabala mgwirizano wa mu 2011, koma wokhudza chimfine chokha.

Pa 20 May 2025 maiko a mu WHO adavomereza pangano lokonzekera miliri. Likuti makampani olowa m'dongosololi azipatula magawo 20 pa 100 alionse a katemera, mankhwala ndi zipangizo zoyezera, theka lake ngati mphatso, enawo pamtengo wotsika. Komabe gawo lofotokoza momwe tizilombo ndi uthenga wake zizisinthanirana ndi phindu limeneli, lomwe ndi mtima wa nkhani yonse, adalisiya kuti akambirane mtsogolo.

Kuno kwathu nkhaniyi ili ndi mbali ina, ya wodwala mwiniwake. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024, lomwe bungwe la MACRA likuyang'anira, lidaika malire pa katumizidwe ka uthenga wa munthu kunja kwa dziko. Makomiti ounika kafukufuku, monga NHSRC ndi COMREC, amafunanso chilolezo magazi asadatuluke. Zonsezi n'zofunika, koma zimateteza dzina la mayi amene wapereka magazi ku Chikwawa. Sizinena ngati mankhwala otuluka m'kafukufukuyo adzafike pachipatala cha kwawo. Ndiponso kufufuta dzina sikukwanira, pakuti chibadwa cha munthu chomwe chili m'magazi chimalozanso abale ake, amene sadasayine fomu iliyonse.