Osamukira ku Texas ndi Florida pothawa msonkho: akupindula ndani?

Kalembera wa anthu wa 2020 ku America atatha, chigawo cha California chidataya mpando umodzi m'Nyumba ya Malamulo ya dzikolo, koyamba m'mbiri yake. New York nayo idataya umodzi, pomwe Texas idawonjezera mipando iwiri ndipo Florida umodzi. Mipandoyi imagawidwa potengera kuchuluka kwa anthu, choncho uthenga wake ndi woonekeratu: anthu akusamukira kummwera. Pofika 2022, Texas idali itapyola anthu 30 miliyoni.

Nyambo yomwe atsogoleri a kummwerako amanyadira kwambiri ndi msonkho. Texas, Florida ndi Tennessee sizidula msonkho pa malipiro a munthu, womwe kuno kwathu tidauzolowera ndi dzina loti PAYE. Ku Texas, anthu adavota mu 2019 kuti malamulo aakulu a chigawocho aletseretu msonkhowu. Tennessee idathetsa kamsonkho komwe kadatsala, ka pa chiwongola dzanja ndi phindu la masheya, kuyambira Januwale 2021. Apa mpofunika kumvetsa bwino: msonkho wa boma lalikulu la ku Washington umadulidwabe kulikonse komwe munthu akhala. Chomwe wosamukayo amapewa ndi gawo la chigawo lokha.

Kwa anthu olemera, gawo limeneli si laling'ono. Ku California msonkho wa chigawo umafika 13.3 peresenti kwa opeza ndalama zambiri, kotero munthu wopeza madola 10 miliyoni pachaka amapulumutsa ndalama zoposa miliyoni imodzi pongosintha kokhala. N'chifukwa chake sizidadabwitse Elon Musk atasamukira ku Texas mu 2020, kenako n'kusamutsira likulu la Tesla ku Austin mu 2021. Ken Griffin adachotsa kampani yake ya Citadel ku Chicago n'kupita nayo ku Miami mu 2022, ndipo Chevron idalengeza mu 2024 kuti ikuchoka ku California kupita ku Houston.

Koma namwino, woyendetsa thiraki kapena wosamalira okalamba, ntchito zomwe anthu ambiri ochokera kunja amagwira, masamu ake ndi ena. Boma lililonse limafuna ndalama za sukulu, misewu ndi apolisi. Likapanda kuzitenga pa malipiro, limakazitenga pakauntala ndi padenga. Ku Texas msonkho wogulira katundu umafika 8.25 peresenti mukaphatikiza wa makhonsolo, ndipo ku Tennessee umafika 9.75 peresenti. Tennessee imadula msonkho ngakhale pa zakudya za m'sitolo, ngakhale kuti wocheperako. Wolandira zochepa amathera pafupifupi malipiro ake onse pogula zinthu, choncho msonkho wotere umamuluma kwambiri kuposa bwana yemwe ndalama zake zambiri zimangogona m'masheya. Pomwe ku California, msonkho wa malipiro umayambira pa 1 peresenti n'kumakwera pang'onopang'ono, moti wantchito wamba sapereka zambiri n'kale. Akasamuka, chomwe wapulumutsa n'chochepa. Bungwe lofufuza za misonkho la Institute on Taxation and Economic Policy lidaika Florida patsogolo mu 2024 pa zigawo zomwe misonkho yake imalemera kwambiri osauka poyerekeza ndi olemera.

Msonkho wa nyumba ndi malo ku Texas uli m'gulu la misonkho yokwera kwambiri m'dzikomo, chifukwa ndi womwe umayendetsa sukulu za boma. Dandaulo lidakula mpaka mu 2023 ovota adavomereza kuti madola 100,000 oyamba pa mtengo wa nyumba yomwe munthu akukhalamo asamawerengedwe pa msonkho wa sukulu. Wochita lendi asaganize kuti wazemba, pakuti mwininyumba amauphatikiza mu lendi.

Ku Florida mutu ukuwawa ndi inshuwalansi. Anamondwe, monga Ian wa mu 2022, adagwetsa mitima ya makampani a inshuwalansi: ena adagwa, ena adasiya kulandira makasitomala atsopano, ndipo mabanja ambiri adathamangira ku Citizens, kampani yomwe boma la chigawocho lidakhazikitsa kuti izithandiza okanidwa kwina. Ndalama yomwe banja lapulumutsa ku msonkho ikhoza kuthera pa chikalata chimodzi chotetezera nyumba.

Nkhani yaikulu koposa, m'kuona kwanga, ndi ya chipatala. Zigawo zitatuzi zili m'gulu lochepa lomwe lidakana kukulitsa Medicaid, ndondomeko yolipirira chithandizo cha osauka, pansi pa lamulo la zaumoyo la nthawi ya Barack Obama. Texas ndi yomwe ili ndi gawo lalikulu koposa la anthu opanda inshuwalansi ya zaumoyo m'dziko lonselo. Ku America, kugona m'chipatala usiku umodzi popanda inshuwalansi kumatha kusiya munthu m'ngongole ya zaka. Onjezerani kuti malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ku Texas ndi Tennessee akadali madola 7.25 pa ola, monga adalili mu 2009.

Sikuti osamukawo ndi opusa. Nyumba ku California imagulidwa pa mtengo woposa kawiri wa ku Texas, ndipo mizinda ya Dallas, Houston ndi Nashville yakhala ikulola kumanga nyumba zambiri mosavuta. Banja lomwe silikadalota n'komwe zokhala ndi nyumba yakeyake ku Los Angeles limaipeza kunja kwa Dallas. Chimenechi, pamodzi ndi ntchito, ndicho chikoka chenicheni kwa anthu wamba, ngakhale andale amakonda kuloza msonkho chifukwa ndiwo umamveka bwino pamsonkhano.

Boma lalikulu nalo lidasonkhezera moto. Lamulo la misonkho la 2017 lidaika malire a madola 10,000 pa misonkho ya m'zigawo yomwe munthu angachotsere powerengera msonkho wa ku Washington, zomwe zidapweteka kwambiri olemera a ku New York ndi California. Mu Julayi 2025 malirewo adakwezedwa kufika madola 40,000, koma mwayiwu umachepa kwa opeza ndalama zambiri (mu 2025, opeza zoposa madola 500,000 pachaka), ndipo malire akalewo abwereranso mu 2030, chaka chomwe America ichitenso kalembera wogawira mipando ya m'Nyumba ya Malamulo.