Zithunzi za Mapepala Zisagulidwe pa Mtengo wa Zinyalala

Aliyense amene watha chaka chake choyamba akudula ndi kumata mapepala kupanga zithunzi zogulitsa amakhala atatopa ndi funso limodzi: mtengo wonsewu bwanji, pomwe ndi nyuzi zakale ndi guluu basi? Ambiri amafooka n'kutsitsa mtengo, ndipo chaka chikamatha amapeza kuti katundu wayenda koma m'thumba muli mbee. Kufookaku n'kolakwika. Chimene wogula amalipira ndi diso la mmisiri ndi maola ake: kufunyulula mulu wa magazini pofuna mtundu umodzi wa buluu woyenera thambo, kudula tsamba lililonse ndi lezala, kupsinja chithunzi pansi pa mabuku usiku wonse kuti chisapindike. Lusoli silinayambe lero. Mu 1912, Georges Braque ndi Pablo Picasso anayamba kumata zidutswa za mapepala pa zojambula zawo ku France. Kurt Schwitters wa ku Hannover ankatola matikiti otayidwa m'misewu. Henri Matisse, atafooka ndi opaleshoni ya mu 1941, anadalira sizasi, ndipo buku lake lotchedwa Jazz linatuluka mu 1947. Lero Wangechi Mutu, wobadwira ku Kenya, amadula magazini ndipo ntchito zake zimaonetsedwa ku New York ndi ku London. Palibe amene amayeza ntchito zimenezi pa sikelo ya ogula mapepala akale.

Ena anganene kuti amenewo ndi akuluakulu, wongoyamba kumene ayenera kutchipitsa kuti adziwike. Zoona, dzina limabwera pang'onopang'ono, koma kasitomala amene wazolowera mtengo wotsika amakana kuwonjezera chaka chotsatira, ndipo amauzanso anzake mtengo womwewo. Njira yabwino ndi kusiyanitsa katundu: makadi ang'onoang'ono ndi makope osindikiza akhale a aliyense, pomwe chithunzi chenicheni, chomwe chilipo chimodzi chokha, chisunge mtengo wake. Motero ndalama ya tsiku ndi tsiku imalowa popanda kunyozetsa ntchito yaikulu.

Dandaulo lolemera kwambiri ndi lakuti pepala silikhalitsa. Nyuzipepala imasanduka yachikasu ndi kufumbutuka chifukwa cha asidi amene amapangika m'kati mwake, dzuwa limasulutsa inki, ndipo chinyezi cha m'dzinja chimamatula guluu wotchipa. Wogula ali ndi ufulu wofunsa zimenezi. Yankho lake ndi pepala lopanda asidi, guluu wabwino, fulemu ya galasi ndi kulangiza wogula kuti asapachike chithunzi moyang'anizana ndi zenera. Zonsezi zimadya ndalama, ndipo wotchipitsa sangazikwanitse. Amathera kugulitsa chinthu chomwe chidzaonongeke msanga n'kumuipitsira mbiri. Choncho powerengera chaka choyamba, mmisiri aone ngati mtengo wa chithunzi chilichonse unabweza zipangizo ndi maola ake. Ngati sunabweze, akweze mtengo asanayambe chaka chachiwiri.