Khansa ya m'magazi mwa ana: manambala akubisa zina

Ku Ulaya ndi ku America, khansa ya m'magazi ndiyo imatsogola pa khansa zonse za ana, ndipo imakonda kugwira azaka 2 mpaka 5. Kuyambira m'ma 1970, kaundula wa kumeneko akusonyeza kuti odwala akuchuluka, ngakhale pang'onopang'ono. Ena amati n'chifukwa choti kuyeza kwapita patsogolo. Mel Greaves, katswiri wa ku London, amaloza kwina: khanda likakula osakumana ndi tizilombo wamba, chitetezo cha m'thupi chimadzasokonekera likakumana nato mochedwa, makamaka ngati linabadwa kale ndi vuto m'maselo a magazi.

Kuno kwathu manambala ndi otsika, ndipo yotchuka ndi khansa ya Burkitt. Ife tikukayika ngati kutsikako n'kwenikweni. Mwana wotentha thupi, woyera m'zikhatho, wofooka, aliyense amathamangira kunena kuti ndi malungo. Mwanayo amamwa mankhwala a malungo a LA, amawonjezeredwa magazi, n'kubwerera kumudzi. Olembedwa m'kaundula ndi okhawo amene afika ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth kapena Kamuzu Central n'kuyezedwa bwinobwino. Choncho manambala athu akadzayamba kukwera, tidzayambe tafunsa ngati ndi matenda achuluka kapena ndi oyeza.