Safunsa anadya phula: tiwaphunzitse ana kufufuza okha

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndili ndi dandaulo, ndipo woyamba kulakwa ndine ndemwe.

Teremu yathayi ndinafunsa ana a Fomu 3 tsiku limene John Chilembwe anayamba kuukira atsamunda. Ambiri anati pa 15 Januwale, poti ndilo tsiku la tchuthi. Mtsikana wina anatsutsa, nati buku likunena 23 Januwale 1915. Kale ndikanangolemba yankho pabolodi n'kupitirira. Ulendo uno ndinadzigwira. Ndinawagawa m'magulu ndi kuwapatsa sabata imodzi kuti afufuze m'mabuku, kwa akuluakulu kumudzi ndi pafoni. Pa chilichonse chimene apeza ayankhe mafunso atatu: wanena ndani, wadziwa bwanji, nanga alipo wina amene wanenanso zomwezo?

Anabwerako atazindikira okha kuti tsiku lokumbukira munthu ndi tsiku limene chinthu chinachitika si chimodzi. Mtsikana uja analondola. Koma chimene chinandisangalatsa koposa n'chakuti gulu lina linakana nkhani ya pa intaneti chifukwa inalibe dzina la wolemba.

Ndikudziwa zimene muyankhe. Silabasi ndi yaitali, mayeso a MSCE sadikira munthu, kalasi ndi yodzaza ndipo mabuku ndi ochepa. Zoonadi, nanenso ndimakumana nazo tsiku ndi tsiku. Komatu mafunso atatu aja safuna kompyuta kapena laibulale yaikulu. Phunziro limodzi pa milungu iwiri ndi lokwanira poyambira. Ndipo mwana amene wakumba yekha yankho saliiwala msanga ngati amene wangoloweza manotsi.

Nkhaniyi siikuthera pa mayeso ayi. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo. Mu 2021 mabodza okhudza katemera wa COVID-19 anazungulira pa WhatsApp, ndipo ena mwa owafalitsa anali anthu a satifiketi zawo. Tidzifunse: anaphunzira kwa yani kumeza nkhani osatafuna? Ngati kwa zaka zinayi timawauza kuti akopere, asafunse, tisadabwe akamakhulupirira chilichonse chowafikira pafoni.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Lolemba likubwerali, musanagwire choko, yambani mwawaponyera anawo funso.